Otola zinyalala ku Mzedi ndi m'mabini a Blantyre: chimawadwalitsa n'chiyani, nanga yankho likuvutira pati?

Mu Ogasiti 2024 mulu wa zinyalala wa Kiteezi, mumzinda wa Kampala ku Uganda, unagumuka n'kukwirira nyumba, anthu oposa 30 n'kufa. Mu Febuluwale 2018 zomwezi zinachitika ku Hulene mumzinda wa Maputo, kwa anansi athu ku Mozambique, ndipo mu Malichi 2017 mtaya wa Koshe ku Addis Ababa unapha anthu oposa 100. Nkhani zotere zikamveka pa wailesi, anthu a mu Blantyre maganizo amathamangira ku Mzedi, kumtaya wa mzinda wathu uko pa msewu wa ku Zomba, n'kumafunsana ngati zingachitikenso kwathu kuno.

Funsolo n'lomveka. Koma chimene chimadya moyo wa anthu otola zinyalala nthawi zambiri sichituluka pa wailesi. Ndi bala la pachala limene silikupola, chifuwa chosatha, mwana amene sakugwira za m'kalasi popanda wodziwa chifukwa. Komanso anthu akamakambirana za iwo amagawikana: ena amati achotsedwe kumtayako kuti apulumuke, ena amati ndi antchito ofunika amene mzinda uyenera kuwazindikira ndi kuwalipira. Kuti munthu aone pamene pagona mkanganowu, ayenera kudziwa kaye ntchitoyo ndi zimene zimavulaza oigwira.

Otola zinyalala ndi ndani?

Si antchito a khonsolo amene amasesa misewu kapena kukwera pa galimoto ya zinyalala. Awo ali pa ntchito yolembedwa, amalandira pakutha pa mwezi. Tikunena za anthu amene amapeza chakudya cha tsikulo pofufuza zinthu zogulitsika m'zimene ena ataya. Alipo amene amakhalira kumtaya kudikira magalimoto. Alipo amene amalawirira m'mamawa kukavundukula mabini a ku Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe galimoto isanafike. Ena amazungulira zimabini za pamsika wa Limbe, wa Blantyre ndi wa Ndirande, pomwe ena amatsika m'mphepete mwa mitsinje ya Mudi ndi Naperi mvula ikakokolola mabotolo.

Chimene atola chimakhala ndi msika wake. Zitsulo, aluminiyamu ndi waya wa kopa zimapita pa sikelo kwa ogula, amene amazitumiza kumafakitale kapena kunja kwa dziko. Zina zimathera kwa amisiri okhoma mbaula ndi osungunula miphika. Zigubu ndi mabeseni osweka zimagayidwa n'kupangidwanso. Mabotolo abwinobwino amatsukidwa n'kubwerera mumsika atadzaza thobwa, mafuta ophikira kapena sopo wamadzi. Zotsala za chakudya amagula oweta nkhumba. Wotola ndiye ali kumunsi kwenikweni kwa mndandandawu: ndiye amagwira chinthucho chikadali ndi uve wake wonse, ndipo ndiye amalandira ndalama yochepetsetsa.

Ntchitoyi ndi yakale m'mizinda ya dziko lonse, koma kwathu yakula limodzi ndi mzinda. Makolo athu anali ndi dzala kuseri kwa nyumba, ndipo zambiri zotayidwamo zinali zoola: makoko, phulusa, masamba, zotsala za ndiwo. Dzala likadzala ankalikwirira n'kubzalapo nthochi. Lero Blantyre, imene kalembera wa 2018 anaipeza ndi anthu pafupifupi 800,000, imataya majumbo, matewera a ana, mabatire, mababu, mafoni akufa ndi mankhwala otha ntchito, zonse m'thumba limodzi. Khonsolo imatha kutolera gawo chabe la zinyalalazi, makamaka m'misika ndi m'madera amene muli misewu yolowa galimoto. Zotsalazo zimawotchedwa pakhomo kapena kuthera m'ngalande. Si vuto la Blantyre yokha. Lipoti la World Bank la 2018 linati m'mayiko osauka zinyalala zoposa 90 pa 100 zilizonse zimangotayidwa pamtunda kapena kuwotchedwa, ndipo linati za kum'mwera kwa chipululu cha Sahara zidzachuluka kuposa katatu pofika 2050. Padziko lonse anthu okhalira kutola zinyalala amayerekezedwa kuti ndi mamiliyoni 15 kapena kuposerapo.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchimvetsa pa mawu akuti ntchito yosalembedwa. Malawi ali ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo pa ntchito la 1997, komanso lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito la 2000. Malamulo onsewa anamangidwa pa ubale wa bwana ndi wantchito: bwana ndiye agule zodzitetezera, bwana ndiye alipire wovulala. Wotola zinyalala alibe bwana. Wogula zitsulo amangoyeza pa sikelo n'kupereka ndalama, khonsolo sinamulembe, ndipo mwini zinyalala sakumudziwa n'komwe. Akavulala, palibe khomo loti akagogode.

Mtaya ndi malo okwirira zinyalala si chinthu chimodzi

M'nkhani za boma ndi za mabungwe mumamveka mawu akuti malo amakono otayira zinyalala, ndipo ambiri amaganiza kuti ndi mtaya womwewo wongotchingidwa ndi mpanda. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Malo amakono amakumbidwa, pansi pake amayalapo dongo lotsenderedwa ndi chipepala cholimba choletsa madzi kulowa m'nthaka, zinyalala zimatsenderedwa n'kukwiriridwa ndi dothi tsiku lililonse, ndipo pamakhala mapaipi otulutsa madzi oipa ndi mpweya. Mtaya wamba, ngati ya m'mizinda yambiri ya mu Africa, ndi malo pamene galimoto imangofika n'kukhuthula.

Zinyalala zikaunjikana choncho zimatulutsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi madzi akuda onunkha amene amatsika mvula ikalowa mumuluwo. Madziwo amatenga tizilombo ndi poizoni yense wa m'zinyalala, ndipo otola amaponda momwemo, ambiri atavala masilipasi kapena nsapato zobooka. Chachiwiri ndi mpweya wa methane, umene umapangika zoola zikamaolera pansi pamene sipafika mphepo. Mpweyawu umayaka. N'chifukwa chake moto wa kumtaya suzimitsika msanga: uli ngati uvuni wa makala wokwiriridwa ndi dothi, pamwamba pakungofuka utsi pomwe mkati mukunyeka. Munthu akhoza kuponda pamalo ooneka olimba, phazi n'kulowa m'phulusa lamoto. Ndipo mulu ukatalika kwambiri, mkati mutafooka ndi moto kapena mutakhuta madzi a mvula, ndi pamene umagumuka ngati ku Hulene ndi ku Kiteezi.

Ngozi ina ndi ya galimoto zomwezo. Katundu wabwino amapita kwa amene wafika poyamba, ndiye galimoto ikamabwerera m'mbuyo kuti ikhuthule, anthu amakhala atayandikira kale kumatayala, pamene dalaivala sakuwaona.

Zocheka ndi zobaya

Taonani mmene jumbo lakuda limatsegulidwira. Mayi amalikoka ndi kawaya kopindika, n'kuling'amba, kenako kawayako amakaika pambali chifukwa sikangasiyanitse botolo labwino ndi lobooka. Zala ndizo zimadziwa. Amalowetsa dzanja pakati pa nsima yoola ndi matewera, ndipo m'menemo mukhoza kukhala lezala, chitini cha nsomba chotsegulidwa ndi mpeni, kapena tambula yosweka. Akachekeka amamanga kansanza kapena kapepala ka jumbo pachalapo n'kupitiriza, chifukwa kupita kuchipatala ndi kutaya tsiku, ndipo tsiku lotayika ndi kugona ndi njala.

Bala lotere limalowa uve nthawi yomweyo, ndipo limatha kusanduka chilonda chosapola. Choopsa kwambiri ndi kafumbata. Anthu ambiri amati amabwera ndi dzimbiri, koma gwero lake ndi tizilombo tokhala m'dothi ndi m'ndowe, timene timakonda bala lakuya lobayidwa ndi msomali kapena waya. Munthu amayamba kuuma nsagwada, kenako thupi lonse limakungika. Katemera wake alipo ndipo ndi wamphamvu, koma mphamvuyo imachepa zaka zikamapita. Ana amabayidwa ali makanda, amayi amabayidwanso kusikelo akakhala oyembekezera, koma abambo ndi anyamata ambiri sanabayidwenso chiyambire ukhanda. Awa ndi omwewo amene amasenza zitsulo ndi malata odzimbirira.

Singano za jakisoni zili ndi nkhani yakeyake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi 85 pa 100 ya zinyalala za m'zipatala ndi zinyalala wamba, ndipo 15 yotsalayo ndiyo yoopsa, yoyenera kusungidwa payokha ndi kuwonongedwa mwapadera. Pamene kupatulako kwalephereka, singano zimalowa m'bini wamba. Zina sizichokera kuchipatala n'komwe: odwala shuga amadzibaya kunyumba, alimi amabaya ziweto, ndipo zonse zimathera m'jumbo.

Munthu akabayidwa ndi singano, mantha ake oyamba amakhala a HIV. Ziwerengero zochokera kwa ogwira ntchito m'zipatala zimaonetsa zina. Pa anthu obayidwa ndi singano imene yangogwiritsidwa ntchito pa munthu wa HIV, pafupifupi atatu pa 1,000 ndiwo amatenga kachilomboko. Pa matenda a chiwindi a hepatitis C ndi pafupifupi awiri pa 100. Koma pa hepatitis B chiwerengero chimatha kufika 30 pa 100, ndipo kachilombo kake kamakhalabe ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu. Matendawa amakhala zaka osaonekera, kenako chiwindi chimauma kapena kugwidwa khansa. Malawi anayamba kupereka katemera wa hepatitis B kwa makanda mu 2002, ndiye kuti ambiri obadwa chisanafike chakacho, amene lero ndi akuluakulu a kumtaya, sanamulandire.

Zimenezi sizikutanthauza kuti HIV inyalanyazidwe. Pali mankhwala a PEP oteteza munthu amene wabayidwa, amapezeka m'zipatala za boma, amamwedwa masiku 28, ndipo ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Namwino aliyense amadziwa zimenezi. Wotola zinyalala, amene amakumana ndi singano popanda bokosi lozitayiramo kapena magolovesi, kawirikawiri palibe anamuuzapo.

Utsi

Utsi wa kumtaya uli mitundu iwiri: wa moto wodziyambira wokha uja, ndi wa moto woyatsidwa dala. Mnyamata akatola mulu wa mawaya, sangaugulitse uli ndi chikopa chake chapulasitiki. Kusenda waya mmodzimmodzi ndi mpeni kungamutengere tsiku lonse, ndiye amaunjika, n'kuikapo chidutswa cha tayala, n'kuyatsa. Amaima pomwepo akutembenuza ndi ndodo, utsi wakuda bii ukumulowa m'maso ndi m'kamwa, mpaka kopa atatsala yekha. Matayala nawo amawotchedwa pofuna waya wa mkati.

Muutsiwo muli timwaye tating'ono kwambiri timene mphuno sizingasefe, timalowa mpaka pansi pa mapapo ndi m'magazi. Pulasitiki ya mtundu wa PVC, imene imakuta mawaya ambiri, ikapsa pamoto wozizirira imatulutsa poizoni wotchedwa dioxin, amene amakhazikika m'mafuta a m'thupi kwa zaka ndipo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Poizoniyu akagwera pansi, nkhuku zimene zimapalasa pamenepo zimamusamutsira m'mazira. Zoonekera msanga ndi maso ofiira, mutu, chifuwa ndi mphumu. Mapapo ovulazidwa ndi utsi amagwidwanso mosavuta ndi TB, ndipo apa pali msampha: munthu amene anazolowera kutsokomola amati ndi utsi chabe, osapita kukayezetsa makhololo. Utsiwu sudziwa malire a mtaya. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi umatsika m'mamawa n'kuyala m'nyumba za oyandikana nawo.

Za m'mimba, ndi agalu

M'madera ambiri matewera a ana amatayidwa m'bini ali ndi chimbudzi chake. Dzanja limene lagwira thewera ndi lomwelo limene lidzanyema chigumu masana, ndipo kumtaya kulibe mpopi kapena sopo. Umu ndi mmene zimayendera njoka za m'mimba, kamwazi, taifodi ndi kolera. Blantyre imawadziwa matendawa. Taifodi yosamva mankhwala inakula mumzinda muno kuyambira cha m'ma 2011, ndipo katemera watsopano wa taifodi anayesedwa pa ana a ku Ndirande ndi Zingwangwa asanafalitsidwe m'dziko lonse mu 2023. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo.

Palinso chakudya chotayidwa: buledi wa nkhungu, nyama imene yaonongeka magetsi atazima, zam'zitini zopitirira tsiku lake. Wosadziwa amadabwa kuti munthu angadye bwanji zoterozo, koma wogona ndi njala sayang'ana deti. China chimaphikidwa kunyumba, china chimatsukidwa n'kugulitsidwa.

Pamene pali zotsala za chakudya pali agalu osokonekera. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro sichichizika. Bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera mu Blantyre kuyambira 2015, koma galu wa kumtaya alibe mwini woti amutengere kokabayitsa. Wolumidwa ayenera kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Mtovu: poizoni wobwera nawo kunyumba

Pa zoopsa zonse, iyi ndi imene ine ndimaona kuti sitiilankhula mokwanira. Batire la galimoto, la njinga yamoto kapena la sola likafa, mkati mwake mumakhalabe mtovu, ndipo mtovu uli ndi mtengo wabwino pa sikelo. Sola zafalikira m'makomo chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, ndipo batire lililonse limafa pakapita zaka zochepa. Amene walipeza amaliswa ndi chikwanje kapena hamala, asidi n'kumuthira pansi pomwepo, n'kusolola timapuleti ta mkati. Asidiyo amawotcha khungu ndi maso, ndipo zimenezo munthu amaziona. Chimene sachiona ndi fumbi la mtovu limene lamatirira m'zikhadabo, m'tsitsi ndi pa zovala.

Fumbilo limafika kunyumba. Mwana wokwawa amanyambita zala, mayi amachapa zovalazo m'beseni lomwe atsukiramo mbale. WHO imati palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ungatchedwe wosavulaza. Kwa mwana umaononga ubongo umene ukukula, ndipo zoonongekazo sizibwerera. Kwa wamkulu umakweza BP ndi kuononga impso, ndipo kwa mayi woyembekezera umadutsa mpaka kwa mwana wa m'mimba. Chomvetsa chisoni n'chakuti zizindikiro zake, monga kupweteka m'mimba, kuchepa magazi, kufooka ndi kukomoka, zimafanana ndi za malungo ndi matenda ena, ndipo popanda kuyeza magazi mwapadera palibe angadziwe.

Zimene zinachitika ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar ku Senegal, zimaonetsa mapeto ake. Anthu a kumeneko ankaswa mabatire kwa zaka, ndipo mtengo wa mtovu utakwera anayamba kukumba dothi la pamalopo n'kumalisefera kunyumba. Pakati pa 2007 ndi 2008 ana 18 anamwalira, ndipo zinatenga nthawi kuti anthu azindikire kuti wowapha anali mtovu. Mtovu suyenda wokha: m'mababu aatali aja muli poizoni wina wotchedwa mercury, ndipo zigubu zimene munali mankhwala ophera tizilombo m'munda zimatha kutsukidwa n'kusanduka zotungira madzi.

Msana, dzuwa ndi manyazi

Kuwerama tsiku lonse ndi kusenza matumba a zitsulo mtunda wautali kumathyola msana ndi mawondo munthu akadali wamng'ono. Mu Okutobala kumtaya kulibe mthunzi, m'dzinja ndi matope ndi udzudzu woswana m'zitini ndi m'matayala. Amayi ena amagwira ntchitoyi mwana ali kumbuyo, ndipo ana okulirapo amathandiza m'malo mopita kusukulu.

Palinso bala lina losaoneka. Anthuwa amatchedwa amisala kapena akuba, amathamangitsidwa pa mageti, amathiridwa agalu. Munthu amene akudziwa kuti zovala zake zikununkha amachita manyazi kukhala pa benchi ya kuchipatala pakati pa anthu, ndipo amadikira mpaka matenda atakula. Ena amathawira ku kachasu kuti apirire fungo ndi kutopa, zimene zimachulukitsa ngozi.

Bwanji osangowapatsa magolovesi?

Ili ndi yankho limene limabwera msanga, ndipo lili ndi phindu lake: magambutsi amateteza ku misomali, magolovesi amachepetsa mabala. Koma magolovesi olimba amalepheretsa zala kumva chimene zagwira, amatentha, amang'ambika pa masabata ochepa, ndipo singano imatha kuwabowola. Kansalu kotchinga kukamwa sikatchinga poizoni wa muutsi. Akatswiri a chitetezo cha pa ntchito amaika zovala kumapeto kwa mndandanda wawo. Poyamba amaika kuchotsa choopsacho. Pa nkhani ya zinyalala, choopsa chimabadwa pa nthawi yosakaniza. Botolo la pulasitiki lili lokha silivulaza munthu. Limakhala loopsa likagona m'jumbo limodzi ndi thewera, lezala ndi singano. Kusakanizako sikuchitikira ku Mzedi, kumachitikira m'khitchini, m'shopu ndi m'ofesi.

Mizinda ina inayambira pamenepo. Ku Pune, m'dziko la India, otola zinyalala anapanga bungwe lawo mu 1993, ndipo mu 2008 kopaletivi yawo ya SWaCH inagwirizana ndi khonsolo kuti azitolera zinyalala khomo ndi khomo. Eni nyumba amalipira kandalama pamwezi, otolawo amasunga zogulitsika, ndipo amakhala ndi ziphaso. Ku Bogotá, m'dziko la Colombia, atapambana milandu kukhoti lalikulu loona za malamulo a dziko, mzinda unayamba mu 2013 kuwalipira potengera kulemera kwa zimene atola. Mtsogoleri wawo Nohra Padilla analandira mphoto ya Goldman, imene imaperekedwa kwa oteteza chilengedwe, chaka chomwecho. Brazil inaika kutola zinyalala pa mndandanda wa ntchito zozindikirika mu 2002, ndipo South Africa inatulutsa malangizo olowetsa otolawa m'dongosolo la makhonsolo mu 2020. Mu Malichi 2022, mayiko atakumana ku Nairobi n'kugwirizana zoyamba kukambirana pangano la dziko lonse la pulasitiki, chikalata chawo chinazindikira ntchito ya anthu otola zinyalala osalembedwa.

Njira inayo ndi yotseka malowo ndi kuchotsapo otolawo. Oikonda amati palibe munthu, makamaka mwana, woyenera kukhalira pa mulu wa zinyalala, ndipo kukonza ntchitoyo n'kuvomereza chinthu chosayenera kukhalapo. Mfundo imeneyi si yachabe. Koma zimene zinachitika ku Agbogbloshie mumzinda wa Accra ku Ghana, pamene boma linagumula malo otchuka ophwasulirapo zipangizo zamagetsi mu 2021, zinaonetsa mbali ina: ntchitoyo sinathe, inangomwazikira m'malo ena, ina kufupi ndi nyumba za anthu. Nawo makopaletivi ali ndi zovuta zawo. Salowamo onse, ndipo okalamba, odwala ndi obwera kumene amatha kutsalira kunja.

Kwathu kuno nkhani imene yamveka kwambiri ndi ya majumbo opyapyala. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala kuposa ma micron 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki) mu 2015, makampani anakatenga ziletso kukhoti, ndipo khoti la Supreme linagamula mokomera boma mu 2019. Gloria Majiga-Kamoto, mmodzi wa amene anamenyera kuti majumbowa aletsedwe, analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cha nkhondo imeneyi. Kwa wotola zinyalala, majumbo opyapyala alibe phindu lenileni pa sikelo, koma ndi amene amatseka ngalande ndi kukoleza moto wa kumtaya. Kuchepa kwake kungamuchepetsere utsi, koma sikungachotse singano kapena batire m'thumba limene akutsegula.

Mafunso amene adakali poyera

Loyamba ndi la udindo. Munthu wopanda bwana akavulala potola botolo, ndani ayenera kuyankha: khonsolo imene ili ndi mtaya, fakitale imene idzagule botololo, kampani imene inalipanga, kapena nyumba imene inalitaya limodzi ndi lezala? Mayiko ena akukakamiza opanga katundu kulipirira kutoleredwa kwa zotengera zawo. Ngati zimenezi zitakhazikika kuno, ndalamayo ingafike m'manja mwa wotola, kapena ingathere kwa makampani okhala ndi magalimoto?

Lachiwiri ndi la tsogolo la mtaya. Mzinda ukadzapeza malo amakono okhala ndi mpanda ndi alonda, utsi ndi madzi akuda zidzachepa, ndipo oyandikana nawo adzapuma. Nanga amene amadya kuchokera pamenepo adzalowera kuti? Angapatsidwe shedi yosankhiramo zinyalala yokhala ndi mpopi ndi chimbudzi, ndipo shedi imodzi ingatenge angati?

Kupatula zinyalala pakhomo kumamveka kophweka, koma ku Mbayani, Bangwe kapena Ndirande, kumene galimoto ya khonsolo sifika pakhomo, munthu angapatule kuti apereke kwa yani? Ndipo zinyalala zikakhala zoyera ndi zopatulidwa mtengo wake umakwera. Kodi pamenepo sipadzabwera ena amphamvu kudzalanda msika umene osauka anaupeza uli wonyansa?

Pali funso la chipatala. Katemera wa kafumbata ndi wa hepatitis B, uthenga wa PEP ndi kuyeza TB ndi zinthu zodziwika kale. Kodi zingaperekedwe kumtaya komweko kudzera mwa alangizi a zaumoyo, ndipo anthu amene akhala akuthamangitsidwa angavomere kulembetsa mayina awo kwa aboma popanda kuopa kuti kaundulayo adzagwiritsidwa ntchito powachotsa? Nanga mabatire a sola amene akuchuluka chaka ndi chaka, ndani aziwatolera asanafike pa chikwanje, ndipo angapereke mtengo woposa wa pa sikelo?

Funso la ana ndi lovuta kuposa onse. Lamulo silola mwana kugwira ntchito yoopsa, ndipo palibe angatsutse kuti iyi ndi yoopsa. Koma mwana akaletsedwa kulowa kumtaya pomwe mayi ake akulowa, masana amenewo akhala ndi yani, ndipo ndalama imene ankabweretsa ilowedwa m'malo ndi chiyani?

Pomaliza pali funso la amene ali pa tebulo. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ku Pune ndi ku Bogotá zinthu zinasintha otolawo atakhala ndi mabungwe awoawo olankhula ndi khonsolo. Kodi otola a ku Mzedi, a m'mabini a ku Namiwawa ndi a m'mphepete mwa Mudi, amene amapikisana pa botolo limodzi ndipo ambiri sadziwana, angagwirizane pa mawu amodzi? Ndipo atafunsidwa kuti asankhe choyamba pakati pa mpopi wa madzi, katemera, mtengo wabwino pa sikelo ndi ntchito ina yosiyana ndi iyi, angasankhe chiti?